Buku Limene Apongozi Anga Anasuta

Tadala, wati aphunzitsi akutumani kuti mukafunse akuluakulu za buku limene linawathandiza pa moyo wawo? Chabwino, kokera mpandowo kuno. Iwe Yamikani, ika foni pansi, sithawa. Ana inu mumandidabwitsa. Mbuzi ikangotsokomola mwathamangira kale kukafunsa foni, ndipo foniyo imayankha molimba mtima ngati inawetapo mbuzi. Ife nzeru zotere tinkachita kuziyendera mtunda, ndipo ukazipeza unkazikulunga m'jumbo kuopa chiswe ndi mvula.

Langa linali buku la kawetedwe ka ng'ombe. Dzina lake usandifunse, chikuto chinatha kalekale ndipo mutu wangawu ukutsatira komweko. Ungolemba kuti linandithandiza kwambiri, ngakhale silinafe imfa ya mabuku anzake. Mabuku ena amadyedwa ndi chiswe, ena amanyowa denga likadontha. Langa anasuta apongozi anga.

Muyambe mwadziwa kuti ine si wa kuno ku Lisasadzi. Makolo anga anachokera ku Dedza kudzagwira utenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Chisemphere, ndipo ine ndinakulira m'mizere ya eni. Mwana wa tenanti amadziwa kulima munda wa eni, kugona m'nyumba ya eni, ndi kumanga katundu eni akatopa naye. Sukulu ndinalekezera sitandade faifi, koma kuwerenga ndinakugwira zolimba, moti ndinkawerenga chilichonse, ngakhale zolemba za pa matumba a feteleza. Nditakwatira agogo anu a Nabanda ndinabwera kuno chikamwini, ndili ndi mkeka, khasu ndi malaya awiri. Mudzi uno unali malo oyamba pamene ndinadzala mtengo ndikuyembekeza kudzadya zipatso zake. Ndinkaopa kuchotsedwa kuno kuposa mmene ndinkaopera njoka.

Inu chikamwini simuchidziwa, mumangotengana n'kukachita lendi ku Kasungu. Mkamwini wa nthawi imeneyo ankayenda monyang'ama. Ukakumana ndi apongozi aakazi panjira unkapatukira kutchire, kaya kuli chitedze. Apongozi aamuna unkatha kuwapatsa moni uli chogwada, koma kuwatsutsa, kuwakaniza chinthu, kapena kuwafunsa kuti bwanji mwatere, zimenezo ayi. Akulu ankati mkamwini asamakule mwendo, ndipo ankanena akukuyang'ana mwendowo.

Mwini mbumba anali a Zuze, malume awo a agogo anu. Musaganize za munthu woopsa nkhope. A Zuze anali munthu wa nthabwala, wokonda nyama, ndipo ankayamba kuseka nthabwala yawo asanaimalize. Ndiwo anali ndi ng'ombe ziwiri zapangolo, Sajeni ndi Kapitawo, zimene zinkanyamula chilichonse cha mudzi uno: manyowa, mitengo ya zigafa, mabelo a fodya, odwala, ngakhale maliro. Kapitawo anam'patsa dzinalo chifukwa ankakonda kuima n'kumaonerera mnzake akukoka.

Chaka chimene ndinagulitsa fodya wanga woyamba, agogo anu anandituma ku boma kukagula chitenje, mchere ndi poto. Ndinabwereka njinga yopanda mabuleki, yoimitsa ndi chidendene, ndinamangirira mbatata yootcha kumbuyo, ulendo. Msewu umene mumadutsa pa kabaza mukudandaula fumbi, ife tinkauyenda kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa pamutu, mchenga ukakula n'kumaikankha njingayo. Mchere ndinagula. Kenako ndinalowa m'kasitolo ka mabuku kuti ndingothawako dzuwa. Ndinatsegula buku lina, ndipo mzere woyamba umene maso anga anagwerapo unkati khola la ng'ombe zanu lizikhala pamalo okwera. Zanu. Chibadwire palibe amene anandilankhulapo ngati munthu amene angadzakhale ndi ng'ombe. Ndinaima pamenepo mpaka wogulitsa anatsokomola, ndipo ndinatuluka nditaligula, nditaiwala dala za chitenje ndi poto.

Agogo anu analitembenuza bukulo uku ndi uku, n'kundifunsa ngati amavala kapena amaphikiramo. Anandikumbutsanso kuti ndagula buku la ng'ombe ndilibe ngakhale nkhuku. Ali kukhitchiniko akumva, mukhoza kuwafunsa ngati ndikunama. Ankanena zoona.

Bukulo linandizunguza mutu. Ndinayamba kuyenda nalo kukhwapa ngati mlaliki. Tsiku lina ndinaima pa khola la a Zuze n'kuyamba kufotokoza kuti kholalo lachuluka matope, ziboda ziola, goli likutupitsa khosi la Sajeni, buku likutero. Anthu amene anabadwira pakati pa ng'ombe ankandimvetsera ine mwana wa tenanti, ndipo ine wopusa ndinayesa akugoma nane. A Zuze anaseka mpaka kupukuta misozi. Kenako anati popeza mudzi wapeza dokotala, kuyambira tsiku limenelo ng'ombezo zikhala m'manja mwanga.

"Koma imodzi ikangofa, akamwini," anatero akusekabe, "mkeka wanu mukudziwa pamene uli, njira ya ku esiteti mukuidziwanso."

Nanenso ndinaseka. Amene sanaseke ndi agogo anu. Titafika kunyumba anandiuza kuti mwamuna woyamba wa achemwali awo anachoka m'mudzi muno chifukwa chothyola goli, ndipo tsiku limenelonso malume ankaseka chimodzimodzi. Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti ukwati wanga uli m'khola, ukudya msipu.

Ndisalinyoze bukulo, poyamba linandiimika bwino. Ndinasamutsira khola pokwera, ndinasema golilo kuti lisakande, ndinayamba kuziikira mchere wonyambita. Sajeni anasalala. Kapitawo ananenepa, ulesi n'kuwonjezeka. Anthu anayamba kubwera kudzandifunsa za ana a ng'ombe otsegula m'mimba, ndipo ine ndinkanyowetsa chala ndi malovu n'kutsegula tsamba pang'onopang'ono kuti aone kuti nzeru sizithamangiridwa.

Tsopano ndikuuzeni za apongozi anga aamuna, a Kamwendo, bambo awo a agogo anu. Anali munthu wochepa thupi, wosalankhulalankhula, wochokera cha ku Kaluluma, ndipo Chitumbuka sichinawachoke pa lilime mpaka kufa. Nawonso anabwera kuno chikamwini, kungoti anakhalitsa mpaka anthu anaiwala. Kuwerenga sankadziwa. Chimene ankadziwa ndi chingambwe, fodya wopichira wekha uja. Ankafikisa tsamba louma m'manja, n'kulikulunga m'khoko lofewa la chimanga, n'kuyatsa ndi chikuni. Ndudu imodzi pakamwa, ina ikudikira kukhutu.

Tsiku lina anatuma mwana wawo, agogo anuwo, kuti ndiwabwereke buku aoneko zithunzi. Ndinasangalala, ndinati ulemu wanga wayamba kukula m'mudzi muno. Madzulo analibweza okha, ataima chapatali monga mwa mwambo, n'kuti, "Yewo chomene, akamwini. Buku liweme ili." Ndiye kuti zikomo kwambiri, bukuli ndi labwino. Patapita masiku awiri anabwerekanso. Sabata yachitatu ndinaona ngati bukulo likuonda. Ndinatsegula kumapeto, kumene kunali nkhani ya kafufutidwe ka zikopa, ndinapeza chithunzi chilipo koma mawu ake palibe. Potuluka panja ndinaona apongozi atakhala pansi pa mango, utsi uli tolotolo, ndipo pa ndudu yawo panali zilembo.

Anali ndi dongosolo lawo, pamenepo ndiwayamikire. Ankayambira kumapeto, poganiza kuti ine ndichedwa kufikako. Tsamba lililonse ankaling'amba chopingasa panayi, ndudu zinayi. Ndipo tsamba lokhala ndi chithunzi sankaligwira. Anauza mwana wawo kuti iwo si munthu woononga, zofunika zonse akuzisiya, akungochotsa masamba opanda kanthu, odzaza ndi tinyerere takuda. Ankatinso pepala limenelo silikanda pakhosi ngati khoko, limayaka mofatsa. Mbiri yake inafala, ndipo madoda anzawo anayamba kumabwera pansi pa mango paja kudzalawa. Panali ngakhale mkangano woti masamba a kumapeto ankakoma kuposa a pakati.

Mukuti bwanji sindinawauze? Ndi pakamwa pati? Ndinapempha agogo anu kuti akalankhule, anati mwana sauza bambo ake kuti akuba, ndipo nkhani ya akamwini awiri iwo saloweramo. Anakauzako amayi awo, amayiwo anati tiwasiye, chiyambireni pepala limeneli sakutsokomolanso kwambiri m'mawa ndipo anthu akugona. Bukulo ndinalibisa kudenga, koma apongozi akatuma uthenga wobwereka ungayankhe kuti chiyani, kuti buku lapita kumaliro? Ndinawapezera nyuzipepala zakale kwa aphunzitsi. Anazilandira ndi manja awiri, anayesa imodzi, n'kubweza mawu oti nyuzipepala imawawa, mwina chifukwa cha zimene amalembamo.

Ndinapsa mtima, ana inu, ndisakunamizeni. Ndinkapita kudambo ndi ng'ombe n'kukawanenera apongozi zonse kumeneko, Sajeni ndi Kapitawo ali mboni. Pobwera ndinkagwada n'kuwapatsa moni, iwo n'kundiyankha ndi utsi wa matenda a ziboda.

Chimene ndinatha kuchita ndi mpikisano. Iwo ankachokera kumapeto, ine kumayambiriro, ndipo ndinafuna kuti pokumana pakati zonse zikhale zili m'mutu mwanga. Inali nyengo ya nazale, dzuwa likuswa mtengo. Agogo anu ankatunga madzi pachitsime cha kudimba n'kumathirira mabedi a fodya, ine nditakhala pachulu ndikuwerenga mokweza. Musandiyang'ane choncho, keni ina ndinkanyamulako. Amayi odutsa ankagwedeza mutu n'kumati Nabanda anakwatiwa ndi wailesi. Ine ndinkati ndikuloweza, koma ndinkawerenga ndi pakamwa pokha, mtima uli pa masamba otsala. Mukanandifunsa madzulo zimene ndawerenga m'mawa, ndikanakuuzani nambala ya tsamba basi.

Mvula yoyamba itagwa tinawokera fodya, ndipo msipu unaphuka wanthete. Khirisimasi inali pafupi. M'mawa wina ndinatsegulira ng'ombe mame asanaume, chifukwa ndinkathamangira kumunda kukabwezera mbande zimene zinafa. Kapitawo, amene pa ntchito anali waulesi koma pa kudya ayi, anameza msipu wonyowawo osapumira. Dzuwa lisanafike pamutu anali ataima pafupi ndi khola, mimba itatupa kumanzere ngati ng'oma, akupuma movutikira, malovu ali chuchuchu.

Mbiri ya ng'ombe yodwala imathamanga kuposa ya maliro. Pamene ndinkabwera ndi buku kuchokera kunyumba, anthu anali atasonkhana kale, nkhope zachisoni, mbale atabisa kumbuyo. Wina ankanola mpeni pamwala kwinaku akupepesa. A Zuze anafika n'kugogoda mimba ya Kapitawo ndi chala. Anati ng'ombe yofa yokha anthu ambiri sadya, choncho ndi bwino kuidula pakhosi isanagwe. Kenako anandiyang'ana n'kuyamba kuseka kwawo kuja. Ndinaiona njira ya ku esiteti, mkeka uli paphewa, agogo anu akutsala.

"Tiyeni adokotala, tiwerengereni," anatero. "Ikangogwada, ife tiyamba."

Ndinatsegula buku. Chithunzi chinalipo, chokongola ndithu: ng'ombe yotupa mimba, ndi kamtanda pambali pake kosonyeza pobaya. Pansi pake analemba kuti njira iyi ndi yomaliza, onani kaye tsamba lotsatira. Tsamba lotsatiralo panalibe. Apongozi anali atafika pakati dzulo lake. Ndinakumbukira kuti ndinaliwerengapo kudimba, koma m'mutu munalibe ngakhale liwu limodzi. Kubaya ndinaopa, chifukwa mpeni ukalowa polakwika ndiye kuti ndaipha ndekha pamaso pa mwini wake.

Pamenepo apongozi anawerama kuti aone maso a ng'ombeyo, ndipo khutu lawo linabwera pafupi ndi ine. Pa ndudu ya kukhutuyo ndinawerenga mawu awiri: ikatupa mimba.

Pali mwambo umodzi umene unandipulumutsa. Kuno fodya sakanizana. Ngakhale munthu amene munalimbirana naye malire a munda, akakupempha fodya umam'patsa. Mkamwini sangauze apongozi kuti bwezani tsamba langa, koma kupempha fodya palibe amene analetsa. Vuto linali lakuti ine ndinali wa kwaya, wosasuta, ndipo ndinali nditalalikirapo achinyamata kuti fodya ndi wolima, osati wosuta. Akulu ampingo awiri anali pomwepo, nawonso ndi mbale zawo.

Ndinagwada m'matope, ndinaomba m'manja mwaulemu, n'kuti, "Bambo, ndigawireniko fodya."

Ngakhale wonola mpeni uja analeka. Apongozi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anachotsa nduduyo kukhutu n'kundipatsa ndi manja awiri, n'kuuza anthu kuti abweretse chikuni. Mayi wina kumbuyo ananong'ona, koma momveka, kuti mavuto amasutitsa. Ine ndinaimasula, fodyayo ndinathira m'thumba la malaya, n'kuwongola kapepalako pabondo. Kankati ng'ombe ikatupa mimba musathamangire mpeni, iimitseni pachulu miyendo yakutsogolo ili kumtunda. Kanathera pamenepo.

Tinam'kankhira Kapitawo pachulu cha pafupi ndi khola, ena akukankhadi, ena akungogwirako maso ali pa ntchafu. Ndinabwerera kwa apongozi, n'kugwadanso, n'kupemphanso. Anthu anayamba kuseka. Apongozi anavula chipewa n'kutulutsa ndudu yachiwiri m'kati mwake. Imeneyo inati mumange kamtengo chopingasa m'kamwa mwa ng'ombe kuti izitafuna, mwina igeya. Tinamanga ndi luzi kuzungulira nyanga. Kapitawo anatafuna, anatiyang'ana monyansidwa, koma mimba sinaphwe.

Ndinagwada kachitatu. Apongozi anatambasula manja kuti zatha. Anati imodzi anasuta m'mawa, ina anagawira alamu awo. Tonse tinatembenuka. A Zuze anali ataima kumbuyo, mpeni m'manja, ndudu pakamwa, itayaka kale kufika pakati.

Ndinayenda ndi mawondo mpaka pamapazi awo, n'kupempha chotsalira cha pakamwa pa munthu amene ankadikira kundithamangitsa. Anafuna kukana, koma mudzi wonse unkayang'ana. Anandipatsa. Ndinazimitsa ndi zala, kutentha sindinakumve n'komwe. Mawu otsala ankati imwetsani pang'onopang'ono botolo limodzi la, basi. Kwinako kunali phulusa.

Botolo la chiyani? Aliyense anasanduka dokotala. Wina anati la kachasu, n'kudzipereka kuti ayambe walawa. Wina anati la parafini, wina la madzi a phulusa. Kapitawo anayamba kupinda mwendo wakutsogolo. A Zuze anayesa mpeni pachala. Ine ndinkangoyang'ana kapepala kopserera kali m'manja, ndipo ndikuuzani zoona, misozi inali italengeza.

Agogo anu anali kumbuyo ndi amayi anzawo, kumene akazi amaima pa nkhani za ng'ombe. Sanakweze mawu.

"Ndi mafuta ophikira," anatero. "Munawerenga tsiku limene keni inabooka. Munati aimwetse cha m'mbali mwa kamwa, osaikweza mutu kwambiri, ingatsamwe."

Munthu amene sanapondepo m'kalasi anali atasunga tsamba lonse akutunga madzi, pamene ine mwini buku ndinasunga nambala yake.

Mafuta ophikira masiku amenewo sanali ngati lero pamene mumakazinga ngakhale bonongwe. Ndiwo tinkatendera nsinjiro, mafuta anali a pa Khirisimasi. M'mudzi monse botolo linali limodzi, la apongozi anga aakazi, lobisidwa mumtsuko kudikira mpunga wa tsiku lalikululo. Analitulutsa, koma mawu amene ananena ali kuseri kwa nkhokwe sindingawabwereze kwa ana. Tinam'mwetsa Kapitawo pang'onopang'ono, ine ndikusisita mimbayo ndi kupemphera mapemphero osalongosoka. Panapita nthawi yoti munthu n'kupalira mzere umodzi. Kenako ng'ombe ija inatambasula khosi n'kugeya. Sindinamvepo kugeya kotero, ngakhale kwa a Zuze. Fungo lake linabalalitsa anthu kuposa mvula. Inageyanso kachiwiri, kachitatu, mimba n'kumaphwa tikuona, ndipo titangomasula kamtengo kaja inaweramira pansi kufuna msipu womwewo.

Anthu anabwerera kwawo ndi mbale zopanda kanthu, akundiyamikira ndi nkhope za anamfedwa. A Zuze anabweza mpeni m'chimake. Za mkeka sananene kuti ukhale kapena upite. Anangofunsa, akuseka, kuti ng'ombe yachira inde, koma anaitsegulira pa mame ndani? Nkhaniyo inangolendewera choncho, ndipo ine tulo sindinkationa bwino. Pa Khirisimasi tinadya mpunga wopanda mafuta, aliyense akudziwa wochititsa. Kumpingo anandiitana kuti ndifotokoze za kupempha fodya kanayi pagulu. Ndinafotokoza, anamvetsa, koma anandikhazika kumbuyo kwa kwaya mwezi wathunthu kuti ena atengerepo phunziro.

Apongozi aamuna sanabwerekenso buku. Anabwerera ku makoko a chimanga n'kuyambiranso kutsokomola m'mawa. Ndinamva kwa agogo anu kuti bambo awowo anawafunsa ngati tinyerere tonse tija tinali ndi mawu otero. Atauzidwa kuti inde, anafunsa kuti ndiye asuta chiyani ndi chiyani. Agogo anu anawatchulira: kubereketsa ng'ombe, matenda a ziboda, kuthena, kufufuta zikopa. Akuluwo anati n'chifukwa chake chifuwa chinkawalemera. Kupepesa sakanatha. Mwambo umene unanditseka pakamwa ine unawatsekanso iwo, chifukwa apongozi sapepesa kwa mkamwini. Tinkangopatsana moni, aliyense atanyamula mawu ake.

Tili mkati mothyola ndi kusoka fodya, apongozi anasowa. Anachoka mbandakucha wapansi, ndi ndodo ndi chimanga chootcha m'thumba, mvula ili pachimake, mitsinje itadzaza. Munthu wa msinkhu umenewo, wachifuwa. Anabwera mawa lake dzuwa litapendeka, matope mpaka m'mawondo, ndipo sanayambe kunyumba kwawo. Anafikira kuchigafa kumene ine ndi agogo anu tinkasoka fodya. A Zuze anali pomwepo, akuyendera mikangala yopachikapo fodya ndi kupeza zolakwika. Apongozi anatulutsa m'malaya kaphukusi kokulunga m'jumbo n'kundipatsa ine mwini, osadzera kwa mwana wawo. Koma polankhula anayang'ana a Zuze.

"Alamu," anatero, "ine ndakhala chikamwini m'mudzi muno mpaka imvi izi, ndikudziwa mmene kukhala chete kumalemerera. Uyu waona chuma chake chikupsa miyezi yonseyi osatsegula pakamwa, anadzatsegula chifukwa cha ng'ombe yanu. Akapita uyu, mkeka wanganso muupinde."

Kanali koyamba kuwaona a Zuze akusowa choseka. Anakanda m'mutu, anati iwo zija ankangocheza, munthu sangachezenso kodi, n'kupita kukaona ng'ombe zawo.

Ndinamasula jumboyo manja ali nyatanyata ndi utomoni wa fodya. Linali buku latsopano, lonunkhira sitolo. Ndinagwada n'kuthokoza, ndipo ndinawakonda akuluwo tsiku limenelo monga sindinakondepo munthu wamwamuna wina kupatula bambo anga. Koma nditatsegula ndinagwa mphwayi pang'ono. Munalibe ng'ombe ngakhale imodzi. Linali buku la kasamalidwe ka mayi woyembekezera ndi mwana wakhanda. Munthu wamkulu, ulendo wonse uja, mvula yonse ija, n'kukagula buku lolakwika. Ndinadikira kuti achoke, n'kuwanong'oneza agogo anu kuti bambo anawapusitsa kusitolo, koma tisawauze, zingawapweteke mtima.

Agogo anu sanasiye kusoka. Anabaya tsamba, anakoka chingwe, anabaya lina.

"Sanawapusitse," anatero. "Anachita kutchula limene akufuna. Amayi akudziwa, malume akudziwa, akazi onse a kudimba akudziwa. Mwatsala inu nokha, odziwa kuwerenga."

Ndinakhala pa mulu wa fodya wothyola kumene, ndinaphwanya masamba abwino kwambiri a chaka chimenecho, ndipo palibe amene anandikalipira. Mwanayo anabadwa fodya atatha kugulitsidwa, m'mudzi muno, m'nyumba imene ndinafolera ndekha. Ndi amayi anu.